Tsiku Lopanda Moto

Lachiwiri la mu Julaye ku Hillbrow,
chisanu chikuluma zala.
Palibe chapsa. N'chifukwa chake tabwera.

Mokgadi patsogolo ndi kabuku,
ine pambuyo ndi tochi,
tikuwerenga masitepe a nyumba yosanja
monga wakhungu aloweza njira ya kuchitsime,
pakuti mu utsi tonse ndife akhungu.

Pansanjika yachinayi, chitseko chothawira
achimanga ndi unyolo.
Kiyi ali ndi mlonda. Mlonda anasiya ntchito pa Pasaka.
Mokgadi alemba.

Pamwamba, mawaya a magetsi
apotana ngati mizu ya kachere,
mbaula ya palafini yatsamira katani,
ndipo mayi wina, pomva lilime langa,
ati, "Achimwene, ndinu akwathu? Musatithamangitse."
Ayi mayi, sitinadzere zimenezo.
Mungondiuza, mumagona angati muno?
"Asanu ndi anayi. Mmodzi sayenda."

Mokgadi alemba: mmodzi sayenda.

Panja, mpope wa pamsewu tautsegula,
wangotsokomola dzimbiri, kukhosi kuli gwa.
Bola tadziwa lero, dzuwa likuswa mtengo.

Madzulo kusiteshoni ndipima mpweya wa m'botolo,
ndisisita paipi ndi chikhatho kusaka pong'aluka.
Chisoti cha Tiyesere chikadali pamsomali wake.
Iye analowa m'nyumba
imene munthu sanaiwerengepo masitepe.

Belu lili zii.
Jombo zaima pambali pa bedi, kukamwa yasa,
ine milomo ikubwereza mumdima:
masitepe khumi ndi asanu ndi atatu,
khotera kumanzere,
chitseko chachitatu,
mmodzi sayenda.