Mano a Difu

Inabwera Lachitatu, yokokedwa ndi thirakita,
matope a ku Mkanda atauma m'nthiti mwake,
mwini wake, Mayi Nachisale, akutsatira pambuyo
ngati woperekeza maliro bokosi lili la ngongole.
"Inangoti kho! pa dambo la Liwelezi,
basi matayala akutsogolo n'kukana ntchito."

A Mlongoti sanayankhe.
Anagwada, n'kumasula kabauti ka pansi.
Oyilo anatuluka akununkha mazira owola,
tizitsulo tikuthwanima m'menemo.
Anamutikita pakati pa zala:
"Yatafuna mano ake omwe. Lufeyo, jeke."

Ine ndi jeke, ine ndi zitsa za bulugamu,
poti jeke ndi mnzako wa kumowa:
akunyamula ndithu, koma usagone pansi pake.

Tinachotsa matayala, tinasolola mashafiti,
lina lalitali, lina lalifupi,
ndinawayala pa katoni mwa ndondomeko yake
kuti mawa asadzandinamize.
Mabauti khumi kuzungulira chibade.
Asanu ndi anayi anamvera sipanala.
Lakhumi linali lamwano.
Tinalimwetsa palafini, tinaliopseza ndi moto,
linayamba landisenda khungu la pa zala
kenako n'kulola.

Difu inatsikira pachifuwa panga,
yolemera ngati thole lobadwa kumene,
kunyowa kwakenso komweko.

Yolowa m'malo inachokera ku Chipata,
inaoloka pa Mwami pa kabaza, itafunda chiguduli.
Wogulitsa analumbira pa foni kuti ndi mapasa.
Ine n'kuti nditatsegula kale silikoni,
dzuwa litapendeka pa Kamwendo, m'mimba mukulira,
Mayi Nachisale akuwerenga mokweza
matumba a feteleza amene alimi akudikira,
mitambo ikuunjikana cha ku Zambia.

"Taima kaye."

Maso a Mlongoti anachita ng'ala chaka chatha.
Tsopano amawerenga ndi chala chachikulu,
choko pa dzino loyamba,
milomo ikugwedera ngati ali pa korona.
Yakale, kuphatikiza zigwinjiri zothyoka zomwe:
makumi anayi ndi limodzi.
Yatsopano:
makumi anayi ndi atatu.

Ndinaseka. Mano awiri okha?

"Awiri omwewo.
Kumbuyo kudzafulumira, kutsogolo kukuzengereza.
M'matope sudzadziwa, matope amabisa mkangano.
Koma pouma zidzakankhana mwakachetechete
mpaka china chidzathyoke pakati."
Ananena akuyang'ana msewu wa ku Kapiri,
umene akunyumba kwawo anakwerera basi
ine ndisanayambe kugwira sipanala.
Sindinafunse.
Ndinatseka silikoni.

Mayi Nachisale anatitchula mayina
amene sindingawalembe pano.
Masiku anayi galimoto inakhala pa zitsa,
nkhuku ya oyandikana nawo n'kuikira dzira pansi pake.

Yoyenera inabwera pa minibasi kuchokera ku Biwi.
Ndinawerenga ine, kawiri,
iwo n'kubwerezanso ndi chala chawo
poti diso la mnyamata limathamangira kuweruka.
Makumi anayi ndi limodzi.

Kukweza kunaposa kutsitsa:
msana pa dothi, mawondo akuthandiza manja,
fumbi la dzimbiri likugwera m'kamwa.
Inakana, inakana, kenako inangoti tswii, yakhala.
Mabauti modumphitsa, ili kuno, ilo uko,
oyilo mpaka atayamba kudontha pa bowo la m'mbali.

Tinakaiyesa ku dambo kuseri kwa msika.
Ndinatsika, n'kukhoma mahabu onse awiri.
Matayala anayi anagwira nthaka nthawi imodzi
ngati anthu amene amvana asanalankhule.
A Mlongoti anatsinzina, khutu ku bolodi la pansi,
akumvetsera phokoso limene silinabwere.

Ya ku Chipata ija ikadali pakona pa galaja,
yabwinobwino, yopanda mlandu,
ikudikira galimoto ya msinkhu wake.

Usiku umenewo, manja akununkhabe oyilo
ngakhale nditasamba ndi sopo wochapira,
ndinadzipeza ndili chigonere mumdima
ndikuyendetsa lilime m'kamwa,
dzino ndi dzino,
kuwerenga.