Sefa ya ku Sheffield

Mvula ikugogoda zenera la ofesi ku Sheffield,
ine ndikuphunzitsa makina kupeta makalata.

Ndinawauza kalekale: werengani mawu.
"Mwapambana," "mphoto," "dinani apa",
mwa makalata khumi otere
asanu ndi anayi ndi mankhusu.
Makina sachita makani.
Bwana Hargreaves akuti manambala sanama,
amwa tiyi wawo wozizira, napita.

Koma Lolemba ndinasuzumira kudzala
kuona zomwe sefa yataya.
Pakati pa ogulitsa mankhwala a mphamvu
ndi akalonga abodza ofuna akaunti yanga,
panali kalata ya mlongo wanga Tiyanjane:

"A Bwande, tumizani ndalama msanga.
Chonde. Bambo agonekedwa ku Gulupu."

Ndalama. Msanga. Chonde.
Makina anawerenga bwinobwino, sanalakwe.
Masiku asanu kalatayo ili kudzala
foni yanga ili zii.

Ndiye ndikhala pano mpaka basi yomaliza,
kusuntha miyeso pang'onopang'ono,
kuuza chitsulo chosabadwa ndi munthu
kuti wakuba ndi wodwazika
amapempha ndi mawu amodzimodzi,
koma wakuba sadziwa
dzina lomwe ankandinyoza nalo ndili mwana.