Mapazi Osawerengedwa

Masabata atatu anandiviika m'madzi ofunda
ngati chinangwa chochotsa kuwawa.
Mawondo anga, aja ankalira ngati chitseko cha basi yakale,
anayamba kutseguka mwakachetechete.
Tsiku lotuluka, Namakau, dotolo wa zolimbitsa thupi,
anatenga foni yanga, nayigogodagogoda ndi chala:
"Madziwo mwawasiya kuno, bambo Mphanza,
koma ine ndalowa m'thumba lanu.
Mapazi zikwi zinayi tsiku lililonse. Ndiziona."

Zikwi zinayi!
Ine amene kwa zaka makumi awiri ndi mphambu zisanu
ndinkanyamula Matero yense kupita naye m'tauni
nditakhala pansi,
phazi langa likungodziwa ziwiri:
buleki ndi moto.

Lolemba ndinayenda mpaka pa mpope. Mazana asanu.
Lachiwiri nyamakazi inandiluma m'chiuno,
shuga nayenso akuyang'ana pa zenera.
Foni inalira m'mawa, inalira masana,
inalira ndili m'bafa:
Nyamukani. Mwakhalitsa.
Mkazi wanga Esinati, asanatsikire kuli chete,
sankandilamula chotero,
ndipo iye ankandiphikirako tiyi.

Ndiye Lachitatu ndinaitana Yotamu,
kondakitala wanga wakale, tsopano ali ndi chiwongolero chake.
Ndinati, iyike apo, pafupi ndi wailesi,
ikayende nawe.
Maenje a mseu wa Lumumba anachita ntchito yawo:
dzenje lililonse phazi,
chitunda chilichonse phazi.
Madzulo inabwera yotentha, yonunkha dizilo,
itanyamula zikwi khumi ndi zisanu ndi ziwiri
ndi kachikho ka golide kowala pagalasi.
Ndinagona ngati katswiri.

M'mawa, mawu a Namakau:
"Bambo Mphanza, zikomo kwambiri.
Dzulo mwafika ku Lumumba kasanu ndi kamodzi,
mukuima paliponse pamene munthu wakweza dzanja.
Mawondowo mwawaikanso matayala?"
Anaseka. Inenso ndinaseka,
mpaka kuseka kunatha, ndinatsala ndi miyendo yanga
yotupa, yosanamizika.
Anati, "Tiyambe ndi chikwi chimodzi. Chanu chenicheni."

Chikwi chimodzi chimathera pa shopu ya Bana Chibesa.
Ziwiri, pa tchalitchi chopanda denga chija.
Ndinapeza kuti kuseri kwa bwalo la mpira kuli mtengo wa mapeyala
umene ndinaudutsa zaka zonsezo osauona,
ndi mnyamata wowotcherera zipata
amene amandipatsa moni ndi nyundo m'mwamba.

Kenako magetsi anazima masiku awiri.
Foni inafa ili pa mtsamiro, osatsanzika.
Palibe wondiitana. Palibe wondiona.
Ndinakhala pakhonde kumvetsera majenereta a eni ndalama,
ndi bondo lamanzere likundinong'oneza:
lero tipume, ndani adziwe?

Sindikudziwa chimene chinandidzutsa.
Ndinati ndikangotchajitsa kwa ometa tsitsi, ali ndi sola,
koma ndinapeza atseka,
ndinapitirira,
mtembo wa foni uli m'thumba,
kudutsa mapeyala, kudutsa nyundo,
kudutsa amayi okazinga vitumbuwa mu utsi wa makala,
mpaka pa siteji pomwe anyamata oitanira
anafuula, "Kwerani, abwana, mpando wakutsogolo!"
Ndinati ayi. Ine, kukana basi.

Itadzuka, foniyo inalemba ziro pa tsiku limenelo.
Ziro wozungulira bwino, ngati tayala.
Namakau anafunsa, "Lachisanu munadwala?"
Ndinayang'ana fumbi lofiira pa nsapato zanga,
lomwe sindinalipukute dala.
Ndinati, "Lachisanu lisiyeni.
Limenelo ndi langa."