Tambula ya Bambo

Ndili mwana ndinkayesa tambula ndi mlongo wake wa tambala:
wina amalira padenga la khola,
wina m'thumba la kondakitala,
iyi imalira ukaigunda ndi supuni.

Kwathu kwa Mponda inalipo imodzi yokha,
ya galasi lokhuthala, ya mizere isanu ndi itatu m'mbali.
Bambo anabwera nayo itakulungidwa m'malaya
tsiku lomwe anasiya kuperekera zakudya
pahotela ina kufupi ndi nsanja ya wotchi.
Kaya anapatsidwa, kaya anadzipatsa, sitinafunse.

Ife tinkamwera m'makapu apulasitiki otafunika m'milomo.
Iyo inkatsika pashelefu mlendo akavula nsapato pakhomo,
kapena mwezi wa Ramadani, nthawi ya futari,
bambo akamameza madzi oyamba ali chitsinzinire.

Dzana Twaibu, mwana wa mchemwali wanga,
wabwera ndi dikishonale ya kusukulu yopanda chikuto.
Akuti, Amalume, dzinali n'lachingerezi,
ndipo tanthauzo lake ndi chogubuduka.
Akuti zoyambirirazo zinali zozungulira kunsi ngati dzira,
sizinkatheka kukhazikika patebulo;
akakuthirira, umwe mpaka dontho lomaliza,
apo ayi zikuthera pamwendo.
Akutinso munthu wochita chipidigoli pabwalo
dzina lake ndi lomwelo.

Ndinaseka mpaka kutsokomola.
Chogubuduka chiti?
Zaka makumi atatu ndi zinayi ili chiimire:
Shire atasefukira inakwera pamutu pa mayi,
posamuka inawoloka mlatho pa kabaza,
mbuzi ya Che Ajasi inagwetsa shelefu yonse, iyo n'kutera pamtsamiro.

Kenako kuseka kunandithera kukhosi.

Chaka chomwe dzanja la bambo linayamba kunjenjemera
tinawagulira kapu ya chogwirira. Anaikana.
Lachinayi lina m'mawa, atangomwa mankhwala,
inawapulumuka.
Sinasweke ayi.
Inagubuduka pasimenti pang'onopang'ono, ikung'ung'udza,
n'kukaima kunsi kwa bedi, komwe ndodo yawo sinkafika.
Anaiyang'ana ikupita.
Kuyambira tsiku limenelo ankamwera m'kapu ija osadandaula.

Zimenezi Twaibu sindinamuuze.
Ndinangoitsitsa, n'kuipukuta ndi nsonga ya malaya.
Anaitembenuza, akufunafuna dzira lija kunsi kwake,
n'kupeza pali see ngati chikhatho.

Akuti, Mwina bukuli lalakwitsa.

Ndinati, Gwira ndi manja awiri, iwe.