Mwala wa Ndere

Ndine mlembi m'khoti laling'ono la ku Mirandela.
Ntchito yanga n'kulemba zimene anthu anena,
osati zimene amafuna kunena.

Lachiwiri lina, mvula ikuwaza pa mazenera,
analowa naye Aurélio Pimentel,
wa zaka makumi asanu ndi awiri kudza zinayi,
chipewa akuchipotokola m'manja ngati akuchifinya madzi.
Mlandu wake: kuba.
Mitengo isanu ndi iwiri ya azitona m'munsi mwa phiri,
imene wakhala akuthyola chiyambire unyamata wake,
n'kumayenga mafuta, n'kumagawirako ndi ansembe omwe.

Graciete Vaz, wobwera pa basi kuchokera ku Porto
ndi mapepala a malemu amalume ake,
anayala mapu patebulo.
Mzere wofiira unadutsa kumtunda kwa mitengoyo,
osati kumunsi.

"Bambo anga anandiimika pamwala," anatero Aurélio,
"mwala wosongoka, wa ndere mbali imodzi,
nati: kuchokera kumsewu uko kufika pano, ndi pathu."

Woyeza malo anatsokomola pang'ono.
Mwalawo, anati, unakokoloka ndi chigumula
Aurélio asanamere n'komwe mano.
Unatsetsereka mapazi makumi anayi
n'kukhala phee, ngati unabadwira pomwepo.
Ndere zinabwera pambuyo, kudzauchitira umboni.

Woweruza, mayi Idalina Sarmento, anavula magalasi.

"Mukanati simunadziwe kuti kuba n'kulakwa,
ndikanakudulani pakamwa,
chifukwa lamulo silifunsa ngati munaliwerenga.
Koma lamulo mumalidziwa.
Chimene simunadziwe ndi mwala.
Mbala imatambasula dzanja ikudziwa kuti si chake.
Dzanja lanu linkayesa lili kwawo.
Ndipo sindikumuona munthu wanzeru zake
amene akanakayikira mawu a bambo ake
ataimirira pamwala wa ndere.
Palibe kuba pano."

Mpongozi wake, kumbuyo, anausa moyo mokweza.
Izo sindinalembe.

"Koma mumvetse," anapitiriza mayiyo.
"Chikhulupiriro chimatsuka mtima, sichisuntha malire.
Za zaka zimene mwalimapo ndi mlandu wina, wa chipinda china;
lero, papepala, mitengo ndi ya mayi Vaz.
Ndipo kuyambira ola lino, mukudziwa.
Mukakathyolanso mawa,
mtengo womwewo, makwerero omwewo, dengu lomwelo,
lidzakhala dzanja lina."

Ndalemba zigamulo zambiri m'chipinda chino
koma apa cholembera chinaima chokha.
Kusadziwa kuli ngati machesi:
kumayaka kamodzi.
Munthu analowa atavala kulakwitsa kwake ngati jekete,
kwamuteteza ku ndende,
ndipo pakhomo amulanda.
Atuluka wosalakwa, ali ndi mitengo yochepa,
ndi bambo amene, m'manda momwemo, asanduka wolakwitsa.

Khoti litaimirira, Aurélio sanapite kuchitseko.
Anayenda pang'onopang'ono kufika pa tebulo la mapu,
naloza ndi chala chokhakhala, chakuda m'zikhadabo.
"Wachitatu kuchokera pamwala umadwala.
Muziudulira mu Febuluwale, musadikire Malichi.
Wakumapetowo umabereka chaka china, china n'kupuma;
musaudule poganiza kuti wafa."

Graciete anayang'ana loya wake.
Loya anali kutseka chikwama.
Ndiye anatembenuza mapu aja
n'kuyamba kulemba kuseri kwake, ndi pensulo yobwereka kwa ine.
"Wachitatu kuchokera pati?"
"Pamwala."
"Mwala uti?"
Onse awiri anakhala chete.

Madzulo, ndikukwera masitepe a kwathu,
ndinawerenga zimene ndimaziyesa zanga:
khonde, mkuyu wa pampanda, chete wa mwamuna wanga
amene zaka zonsezi ndimamutcha mtendere.
Ndani anandiimika pamwala umenewu?
Kunagwa mvula yanji ndisanabadwe?

M'kaundula ndinalemba mawu awiri okha:
Alibe mlandu.
Pensulo ija sanandibwezere.