Madzi a Pamalire

Pa tsiku lachisanu la mwezi uliwonse
ndimatsika masitepe a mlatho
nditanyamula mabotolo awiri ndi chingwe.
Pei Dongsheng amatsikira tsidya linalo ndi ake,
iye wa chigawo cha kumunsi, ine wa kumtunda.
Sitimwetulirana kwenikweni.
Timatunga malo amodzi, mphindi imodzi,
kenako aliyense amasayina pa chivindikiro cha mnzake
kuti mawa wina asadzati madzi anasinthidwa m'njira.

Kale mtsinje uno unkanunkha dzira lowola.
Fakitale yathu ya mapepala inkasanziramo usiku,
thovu lachikasu n'kulawirira kwa eni minda ya mpunga.
Akumunsi ankalemba makalata.
Akwathu ankayankha makalata.
Makalata anadzaza makabati awiri
nsomba zikuyandama chagada.

Ndinalipo tsiku limene abwanamkubwa anakumana,
ndili kukona ndi mafayilo anga, wosawerengedwa.
M'mawa wonse unathera pa mipando:
ndani akhale moyang'ana khomo?
Tiyi anazizira, anabwera wina, anaziziranso.
Tsiku lachitatu bambo Kuang a kumunsi anadzuka,
anatenga botolo pa tebulo langa
n'kuliika pamaso pa mayi Rong.
Imwani, anatero.
Mayi Rong sanaligwire n'komwe.
Mabanja zikwi zitatu amadyera pa fakitaleyo, anayankha,
mukawadyetsa ndinu?
Chete amene anagwa pamenepo
ndinamva wotchi ya pamkono wa mlembi.

Anamvana madzulo, mawu atasasa.
Madzi akadutsa pa mlatho ali oyera, akumunsi alipire.
Akadutsa akuda, tilipire ife.
Bambo anga atamva anaseka mpaka kutsokomola:
akuluakulu ayamba juga, ndipo akubetchera mtsinje!

Fakitale inatsekedwa m'nyengo ya chisanu.
Mchimwene wanga Weiguo anabwera ndi chisoti chake m'manja,
sanandilankhule miyezi inayi.
Lero amamanga mabatire mu mzinda wa kumunsi,
basi imene zigawo ziwiri zinasonkherana ndiyo inamutenga,
mwana wake analandiridwa sukulu komweko
popanda kumufunsa kumene anabadwira.
Amabwera pa Chaka Chatsopano ndi sitima yothamanga ija,
amaima pa mlatho, amalavulira m'madzi,
sathokoza munthu.

Mayi Rong anawasamutsira ku likulu.
Bambo Kuang anapita kumadzulo, kumene mitsinje imauma.
Amene alipo tsopano sanakanganepo za mpando,
sadziwana ngakhale kamwedwe ka tiyi,
koma pepala lija lilipo, chidindo chofiira pamwamba pa chinzake,
ndipo ndalama zimawolokabe mlatho, chaka chino uku, chaka china uko.

Chilimwe chatha manambala athu anasiyana.
Pang'ono chabe, ngati tsitsi limodzi,
koma pa tsitsi limenelo panalendewera mamiliyoni.
Foni yanga inalira usiku wonse.
Yang'ananso bwino, Lanfen, anatero abwana anga,
mawu ali ofewa ngati mpeni wokutidwa m'nsalu.
Kutacha ndinapeza Pei ali kale pa masitepe,
maso ali psuu, nayenso sanagone.
Tinatunga ndi ndowa imodzi.
Tinayeza pa makina amodzi, mitu itagundana.
Wolakwa ndinali ine.
Chigawo changa chinalipira,
ndipo mu ofesi anandisiya ndidye ndekha mpaka masamba atayoyoka.

Mwezi wotsatira Pei anabwera ndi malalanje atatu m'thumba la jekete.
Sanatchule kanthu.
Tinasenda titakhala pa sitepe yomaliza,
makoko tikusunga m'manja, osaponya m'madzi.
Kakowa anatera pa mwala wa pakati pa mtsinje,
mwendo umodzi m'mwamba,
ndipo tinakangana pang'ono, motsitsa mawu,
kuti kodi ameneyo waima m'chigawo cha yani.