Magolovesi a Kumanzere

Loweruka lomaliza Khirisimasi isanafike
timakwera sitima ya m'mamawa pa Valongo,
ine, amayi, ndi Benedita wanga wa zaka khumi n'zisanu
amene wadzuka atatupitsa masaya ngati walumidwa ndi mavu.
"Zonsezi tikanagula pa foni," akutero.
Amayi sakumuyankha. Akupukuta zenera ndi chigongono
kuti aone ngati mvula ya ku Porto yatidikira.
Yatidikira. Sinatiphonyepo chaka n'chimodzi chomwe.

Ulendowu anauyamba ndi agogo Ermelinda
masiku amene ankasokerera ndalama mu mpendero wa siketi
kuopa opisa m'matumba a pa siteshoni ya São Bento.
Anasiya malamulo atatu, ife tikukumbukira awiri:
mwamuna asabwere nawo,
ndipo mtengo wa chinthu usakafike kunyumba.
Lachitatu amayi amati linali lokhudza nsapato,
koma chaka chilichonse amalinena mosiyana.

Ku msika wa Bolhão timayambira pa nsomba,
ija youma ndi mchere, yotambasuka ngati malaya pachingwe.
Dona Graciete anamwalira, pabenchi pali mpongozi wake,
koma amayi amamuitanabe dzina la malemu,
iye n'kumavomera.
Amanyamula nsomba kumchira,
kuiunika pa getsi, kuipinda pang'ono:
ikawerama msanga ndiye kuti yamwa madzi,
tikulipira chinyezi.
Zitatu azikana. Yachinayi aikananso,
kenako n'kuigula.

Chaka chimene ndinathetsa ukwati
ine ndi amayi sitinalankhulane kuyambira Isitala.
Koma Loweruka lija ndinawapeza pa siteshoni
ali ndi matikiti awiri, akuyang'ana kumbali.
Tinayenda theka la tsiku tili duu.
Mawu oyamba anawatulutsira pa shopu ya mabatani:
"Golovesi lija unataya liti?"

Pakuti ndimataya. Nthawi zonse la kumanja.
Ndipo chaka n'chaka, m'kashopu ka mumsewu wa Santa Catarina,
amandigoneka chigongono pa katsamiro kofiira,
wogulitsa n'kumandiveka chala chimodzichimodzi
ngati mkwatibwi.
Kwa amayi kuli dilowa yodzaza magolovesi a kumanzere,
makumi atatu ndi limodzi, amasiye okhaokha,
salola kuti titayepo.

Lero miyendo yawo yakana chitunda.
Tapuma kawiri, kachitatu pafupi ndi tchalitchi cha matailosi abuluu,
tikusenda mtedza wa kasitanya wootcha,
zala zatuwa ndi phulusa.
Atsegula kachikwama, manja akunjenjemera,
makobidi agwa n'kuyamba kugubuduka.
Benedita waponya foni m'thumba, wawathamangira,
watola asanu, limodzi lalowa m'ngalande.
Pobwera walanda agogo ake phukusi la nsomba
osapempha n'komwe, walikumbatira pachifuwa
pa jekete yake yatsopano ija
imene inunkha mchere mpaka Januwale.

Mu shopu ya magolovesi amayi andikankhira pambali.
"Iwe unakula. Uzidzigulira."
Agwira dzanja la Benedita, aligoneka pa katsamiro.
Ine ndaima kumbuyo, munthu wa zaka makumi anayi n'zisanu ndi chimodzi,
nsanje yandiima pakhosi ngati munga wa nsomba,
ndikunamizira kuwerenga mitengo ya masikafu.

M'sitima yobwerera onse awiri agona,
mitu yagundana, kukamwa kuli yasa.
Ndawerenga katundu: matumba asanu ndi awiri, ambulera, nsomba.
Pamiyendo pa mtsikanayu pali golovesi lobiriwira
limodzi lokha.
Ndafufuza pansi pa mpando, m'matumba a jekete, m'kanjira.
Linalo latsala ku Porto,
mwina pa masitepe, mvula ikulinyowetsa.

Sindinamudzutse.
Ndatenga la kumanzerelo n'kuliika m'chikwama changa.
Mtengo wake sindikanena kunyumba,
ndipo m'dilowa muja malo akadalimo.